Wolandira Ndine Ndekha

Kalekale, chaka chimene mvula inakana, Kangaude anali pakalikiliki kukoka ulusi m'nkhalango. Inu ana, manja asaime. Chimanga chitonoledwe, makutu okha ndiwo amve. Nanunso akuluakulu sendezani malichero anu kuno, ine sindibwereza.

Ankakoka ulusi Kangaude. Kukwera mtengo, kumanga, kutsika. Kudutsa khwawa, kukwera wina, kumanga, kutsika. Msana kuwotcha, koma osapuma. Chifukwa chake chinali ichi: zipatso zinalipo, koma apa ndi apo. Nkhuyu zikapsa kuseri kwa phiri, a kudambo ankamva zitaola kale. Ana a Mbewa anali ataonda, nthiti zili pamtunda.

Atamaliza, anaitanira nyama zonse patsinde pa mlambe, pomwe nsonga za ulusi zinakumana.

"Mverani, ndilibe nthawi," anatero Kangaude. "Ulusi uliwonse uli ndi nsonga ziwiri. Kwinako kuli wotumiza, kuno kuli wolandira. Wotumiza akakoka, ulusi umati nje nje nje. Wolandira agwedezenso, ndiye kuti ndamva, ndikubwera. Ndipo ukati ndamva walonjeza. Supita kukaonerera, upita kukachita."

"Nanga wolandira akangoti zii?" anafunsa Mbewa.

"Wotumiza akokenso mpaka atatopa. Akatopa, uthengawo sutayika. Pali kaulusi kena kobwera kwa ine. Augwedezere kumeneko, ine ndione woti ndimupatse."

Ulusi wa chakudya anaupereka kwa Pusi, chifukwa Pusi amakhala pamwamba, amaona kutali. Ulusi wa ntchito unali uwiri. Wina anatenga Njovu, amene ankakumba chitsime mumtsinje wouma. Wina anatenga Njati, amene ankazula zitsa panjira yopita kuchitsimeko. Kunatsala kugawa nsonga zolandirira.

Pamenepo panatulukira Njiri.

Masiku amenewo Njiri sanali monga mumamudziwira leromu. Anali wonenepa, khungu see, ndipo mchira wake unali wa ubweya wambiri ngati tsache latsopano. Ankaupesa m'mawa, ankaupesa masana. Njala inkawawa ena onse, koma iye ankati ikuwawa iye yekha.

"Iwe kachilombo ka miyendo yambiri," anatero Njiri, "ulusi wa chakudya ndi uti?"

"Ndi uwu, bambo Njiri."

Njiri anasuzumira. Ulusi wonse unali wofanana, woyera, wopyapyala.

"Wayankha msanga. Ukundinamiza. Ukufuna undipatse wa ntchito, wa nkhuyu usungire timbewa takoti."

"Ndiye tengani uwu."

"Wasinthanso. Mwamuona?" Njiri anaponda pansi kuti di, pafupi ndi miyendo ya Kangaude. "Ine sindipusitsidwa. Manga wonse kumchira kwanga. Wolandira ndine ndekha."

"Nanga ana anga adya chiyani?" anatero Mbewa.

"Adye mphepo. Ndi yambiri chaka chino."

Kangaude anayang'ana chiboda cha Njiri. Anayang'ana mano ake. Kenako anayang'ana mchira uja, nauyang'anitsitsa.

"Bambo Njiri," anatero, "ulusi wanga ndi wofooka. Wina akhoza kuudula inu muli mtulo."

"Upote pamodzi ndi khonje, ukhale chingwe."

"Mfundo nazonso zimamasuka."

"Umatepo ulimbo."

"Mwanena nokha. Tabwerezani mawu aja, onse amve."

Njiri anatukumula chifuwa. "Wolandira ndine ndekha."

Kangaude anayambanso ntchito. Kupala khonje, kupota, kukwera, kumanga, kutsika. Zingwe zonse anazimanga kumchira kwa Njiri, namata ulimbo kuti phaa. Mbewa ankamutsata pambuyo misozi ili m'maso.

"Mayi Kangaude, mwatigulitsa."

"Leka kulira, gwira apa. Iyeyu wafunsa za nsonga ya kuno yokha. Wamumva akufunsa amene agwira kwinako?"

M'mawa mwake mchira wa Njiri unati nje nje nje. Njiri anagwedeza kuti ndamva, natsata chingwecho liwiro la mtondo wadooka. Anapeza Pusi ali mumkuyu, nkhuyu zili mbwee pansi. Anadya, anadya, anadya, zonse psiti. Pobwerera anadzera dala pakhomo pa Mbewa, nageya kuti gee.

"Zinali zozuna," anatero.

Ana a Mbewa analira. Kangaude anangoti, "Dikirani."

Dzuwa lisanapendeke, mchira unatinso nje nje nje. Tsono mverani apa. Kumchira kulibe maso. Kukoka kwa chakudya ndi kukoka kwa ntchito kumamveka chimodzimodzi. Njiri anagwedeza kuti ndamva, nathamanga dovu likuchucha. Chingwe chinamufikitsa kumtsinje wouma, ndipo apo panaima Njovu.

"Mwafika, a Njiri? Mwachita bwino kuyankha msanga. Lowani m'dzenjemo."

"Ine ndimayesa kuti..."

"Mwati ndamva?"

"Ndatero."

"Kumbani."

Njiri anakumba. Khu khu khu, mchenga m'mphuno. Khu khu khu, mchenga m'makutu. Ali mkati mokumba, mchira unati nje nje nje. Anali Pusi, wapeza masuku. Njiri anafuna kutuluka, koma Njovu anangomuika chitamba pamsana.

"Mukupita kuti? Mwangoyamba kumene."

Pusi anakoka, anakokanso, kuli zii. Pusi mtima wake ndi waufupi, ndipo masuku sadikira munthu. Anasiya chingwecho nagwedeza kaulusi ka kwa Kangaude.

"Mbewa, dzuka," anatero Kangaude. "Tenga ana, muthamangire kuseri kwa chulu chachikulu, masuku agwa. Uuzenso Fulu ayambepo ulendo, musamudikire, mumusungire ake."

Tsiku limenelo ana a Mbewa anadya mpaka timimba ndiii ngati ting'oma.

Mawa lake, nje nje nje. Njiri anati, "Lero ndi nkhuyu basi." Kugwedeza, kuthamanga, kukapeza Njati ataima pa chitsa cha muwanga.

"Mwati ndamva?"

"Ndatero."

"Zulani."

Anazula. Ali mkati mozula, Pusi anapeza nthudza. Nthudzazo zinadyedwa ndi ana a Mbewa.

Sindikunena kuti Njiri sankadyako ayi. Masiku ena ankapeza nkhuyu ndithu. Koma pansi pano ntchito ndi yambiri kuposa nkhuyu, inu nomwe mukudziwa. Akathamanga, Njovu. Akathamanga, Njati. Khungu see lija linasanduka mbuu, nthiti zinayamba kuonekera. Ana a Mbewa ankamulonjera panjira, masaya ali phwii.

"Mwaswera bwanji, bambo wolandira?"

Njiri anapsa mtima. "Ndazindikira," anatero. "Chimene chikundipweteka ndi ndamva. Kuyambira lero sindimva kanthu." Analowa kuuna kwake nagona, maso tsinzi.

Pusi anakoka, kuli zii. Anakokanso, kuli zii. Anatumiza kwa Kangaude, tinyama tinakadya. Njiri anameza malovu, koma anati bola kugona.

Kenako anakoka Njovu. Kuli zii.

Tsono Njovu si Pusi. Masuku amaola, chitsime sichiola. Njovu anati, "Kapena sanamve," nakoka pang'ono mwamphamvu. Njati naye kwinaku anali ndi chitsa chake. Anati, "Kapena ali mtulo," nakulunga chingwe kunyanga n'kuyamba kubwerera m'mbuyo. Wina kum'mawa, wina kumadzulo, onse awiri aulemu, onse awiri osatopa.

Njiri anatuluka kuuna kuja chafutambuyo, khwe khwe khwe. Anagwira muzu ndi mano, muzu unazuka. Anakumbatira mwala, mwala unagubuduka. Njovu akakoka, Njiri kum'mawa. Njati akakoka, Njiri kumadzulo. Atakoka onse pamodzi, Njiri anatsala pakati, ziboda za kumbuyo zili m'malere, mchira ukutalika, ukutalika, ukuwonda ngati luzi.

"Ndamva! Ndamva!" anakuwa Njiri.

Koma pakamwa sipomwe ankayankhira. Mchira unali utakungika kuti ngwii, sukanathanso kugwedezeka.

Kangaude anatsika ndi ulusi wake pang'onopang'ono, naima pamphuno pa Njiri. Anagwedeza timaulusi take kuuza Njovu ndi Njati kuti ayambe apuma. Zingwe zinalendewera. Njiri anagwa pansi kuti khu, nagwada ndi mawondo a kutsogolo.

"Amayi Kangaude, chonde."

"Dzana ndinali kachilombo ka miyendo yambiri."

"Inu ndinu mayi wathu. Masulani zingwezi."

"Ndimasule bwanji? Khonje munanena ndinu. Ulimbo munanena ndinu. Ine ndinangogwira ntchito."

"Ndiye nditani, amayi?"

"Choyamba, chitsime chija mwati ndamva, muchimalize. Chachiwiri, mawu aja muwabweze pomwe munawanenera. Chachitatu, mupemphe Mbewa, chifukwa mano odula zinthu zotere ali ndi ana ake. Mwamwayi adya bwino masiku ano, mphamvu ali nazo."

Njiri anakumba chitsime mpaka madzi anatumphuka. Atatero anayenda chogwada mpaka pamlambe paja, nyama zonse zikuonerera, nanena ndi mawu aang'ono kuti, "Wolandira sindine ndekha."

"Sitinamve kumbuyo kuno," anatero Fulu, amene anali atangofika kumene.

Njiri anabwereza.

Mbewa anazungulira mchira uja, naununkhiza. "Ulimbo sutafunika, bambo Njiri. Khonje nalonso lalowerera. Chotheka kudula pano ndi ubweya."

"Wonse?"

"Tikusiyirani pang'ono kunsonga, muziingitsira ntchentche."

Ana a Mbewa anagwira ntchito mokondwa. Kekete kekete kekete. Ubweya wopesedwa uja unagwa pansi pamodzi ndi zingwe, mphepo inautenga, mbalame zinakamangira zisa.

Kangaude sanadikire kuti amuthokoze. Anatola nsonga zija nazigawa bwinobwino. Ya chakudya anaimanga pamlambe, pomwe aliyense angaione ikagwedezeka. Za ntchito anati azilandira mosinthana, lero uyu, mawa uyo. Atatero anakwera mumtengo kukalumikiza pomwe panaduka.

Mpaka lero Njiri mchira wake ndi kachingwe chabe, kali ndi timaubweya kunsonga. Akamathamanga amauimika m'mwamba kuti njo, kuopa kuti ungakole pa ulusi wa wina. Akamadya amagwada, chifukwa mawondo aja anazolowera. Ndipo kukumba sanasiye. Palibe amamutuma, koma akangomva kanthu kamukhudza kumbuyo, mphuno ili kale m'dothi.

Nthano yanga yadukira pomwepo, pamene panadukira ubweya wa Njiri. Mbatata ndaphula kale, koma amene lichero lake silinadzaze sailawa. Ndipo inu okonda kunena kuti zonse zizidzera kwa ine, muziyamba mwafunsa amene wagwira chingwe kwinako. Njiri sanafunse. Analipira mchira.