Nambala Imene Sinkasintha

Panali munthu wina kufupi ndi msika wa Lunzu amene ankaswetsa mazira a nkhuku m'makina n'kumagulitsa anapiye. M'mawa uliwonse ankatsegula makinawo, kutenga dzira limodzi n'kuligunditsa pachikope. Likazizira ankadziwa, likatenthetsa ankadziwanso.

Tsiku lina wokonza mafoni kumsika anamuonetsa pulogalamu yolumikiza makinawo ndi foni, yoti munthu aziona kutentha kwa mazira ali khale pamthunzi.

"Ndi yeniyeni imeneyi?" anafunsa.

"Ndi mng'ono wake wa yeniyeni, bwana. Bere limodzi."

Ananenerera mtengo mpaka theka, nabwerera kwawo akudziyesa wochenjera. Inetu kunenerera ndimakukonda, abale, koma wogulitsa akavomera msanga ndimayamba mantha.

Bambo uja anaika mazira mazana asanu, nakhoma chitseko cha chipinda cha makinawo. Anapiyewo anali atawalonjeza kale kwa amayi a m'midzi itatu, ndipo amayiwo anamanga makola n'kumadikira. Foni inkaonetsa 37, nambala yoyenera. Lolemba 37. Lachinayi 37. Magetsi azime, abwere, 37 yomweyo.

Mkazi wake anati, "Bambo a Tiyese, nambala yanuyi siitopa? Kalowenimo mukakhudze dzira."

"Zapachikope zinatha, mayi. Masiku ano timaona pagalasi."

Tsiku loswa litakwana, m'chipindamo munali zii. Anadikira lina, nadikiranso lina. Atatsegula, fungo ndi limene linamulonjera. Waya wotenthetsa anapsa sabata yoyamba, ndipo pulogalamu ija inauma tsiku lomwelo, n'kungogwira nambala yomaliza imene inaona. Amayi aja anabwera ndi madengu, anabwerera ndi madengu, ndipo sanapondenso pakhomopo. Pamene ankakwirira mazirawo kudzala, foni m'thumba mwake inali ikunenabe kuti 37.

Abale, nambala ija ndi chikumbumtima cha enafe. Chinauma tsiku la ubatizo, ndipo mpaka lero chimangoti zonse zili bwino. Timachikonda chifukwa tinachipeza motchipa, komanso sichititumanso kukatsegula chitseko. Mboni imene imanena zofanana tsiku lililonse, mvula kaya dzuwa, muikayikire. Tsegulani mtima pamaso pa Mulungu, muugunditse pa Mawu ake, mumve ngati ukadali wofunda. Wina akakufunsani funso losautsa ngati la mkazi wa bambo uja, musamuseke. Chitani lero, chifukwa tsiku loswa likafika, dzira lozizira silifundanso.