Dzenje la M'kati mwa Mpanda

Kalekale, pamalo ena otchedwa Kachenga, nyumba zinkachuluka chaka ndi chaka, ndipo nyumba iliyonse inkasiya dzenje pamene anthu anakumba dothi la njerwa. Mvula ikagwa, maenjewo ankadzaza madzi obiriwira, osaoneka pansi. Ana analibe bwalo, choncho ankasewera m'mphepete mwa maenjewo, kugwira mbululu. Tsiku lina masana, mtsikana wa zaka zisanu, dzina lake Sigere, sanabwere kudzadya. Anakamupeza m'dzenje la kuseri kwa chigayo.

Maliro atatha, anthu atatu anagwirizana kuti ana a pa Kachenga akhale ndi bwalo lawolawo, lampanda, lokhala ndi katungwe ndi magolo.

Woyamba anali Nangondo, mayi wake wa Sigere. Iye anatenga nsapato imodzi ya mwana wake, imene inatsala pamtunda, n'kumayenda nayo ku mjigo, ku msika, ku tchalitchi, ku mzikiti. Akafika ankaiyika pansi pamaso pa anthu n'kunena kuti, "Inzake ikadali pansi pa madzi. Wanu ali kuti panopa?" Amayi ankasiya zidebe pa mjigo n'kuthamanga kukayang'ana ana awo. Pobwerera ankabwera ndi zimene akanatha: wina nkhuku, wina ndowa ya chimanga, wina nsungwi za mpanda.

Wachiwiri anali a Gwaza, bambo wachikulire amene kale ankagwira ntchito yothandizira odwala kuchipatala. Iwo anapereka malo aulere. "Kuyambira pa mango apo mpaka kumseu, ndi pa ana," anatero. "Koma m'munda mwanga musalowe khasu."

Wachitatu anali Dzoole, katswiri woumba njerwa. Ataona kuti nkhuku ndi chimanga sizingagule matcheni a katungwe ndi zitsulo za magolo, anati, "Ndalama ili m'dothi. Ndiumba uvuni umodzi osalipidwa, tigulitse." Anapempha kukakumba pa chulu cha m'munda mwa a Gwaza, kutali ndi bwalo, koma a Gwaza anakana. "Chulu chimenecho ndiye chimandidyetsa. Kumbani pangodya ya malo ndakupatsaniwo." Dzoole anakumba pangodyapo miyezi itatu, chikombole osauma, mpaka woima m'dzenjemo sankaonekanso mutu.

"A Dzoole, nanga dzenjeli?" anafunsa mayi wina podutsa.

"Tikwirira, mlamu. Mvula ikadali kutali."

Njerwa zinagulidwa, katungwe anamangidwa, magolo anadzalidwa. Mpanda unazungulira malo onse amene a Gwaza anapereka, ndipo motero dzenje latsopanolo linakhala m'kati mwa mpanda. Makolo ena anati bwalo lisatsegulidwe mpaka dzenjelo litakwiriridwa. Nangondo anayang'ana kumwamba, kumene mitambo inali itayamba kuda. "Mukadikira, ana abwerera ku maenje akale," anatero. "Amene afe ife tikudikira, mukamuike m'manda nokha." Makolowo anangotchinga dzenjelo ndi minga, n'kutsegula chipata.

Mvula inagwa masiku atatu osakata. Tsiku lachinayi m'mawa dzuwa linatuluka, ana n'kudzaza bwalo. Mpira wachikulunga unadumpha minga ija. Tsalani, mwana wa a Mbeza, wa zaka zisanu ndi chimodzi, anakwawa pampata umene mbuzi zinaboola, kuti akautenge. Dothi lam'mphepete linali litafewa, ndipo linagumuka naye. Anzake anapitiriza kukangana ngati chinali chigoli kapena ayi.

Nangondo yekha ndiye anaona. Chimwalirireni mwana wake, maso ake sankachoka pamadzi alionse, ndipo m'mawa umenewo anali ataima pachipata osayang'ana masewera koma ngodya ija. Anakuwa mfuu imene inamveka mpaka ku chigayo.

Dzoole anamva ali pa uvuni wina. Aliyense amene anayesa kutsikira m'dzenjemo ankaterereka, koma iye ankadziwa mbali imene anasema makwerero potulutsa dothi. Anatsikira pomwepo, namira, nafufuza pansi ndi manja mpaka anagwira mwendo.

Mwanayo anatuluka ali lobodo, milomo itada. Amayi anayamba kale kulira maliro. A Gwaza anawakankha, n'kumugoneka pouma, n'kumamusindikiza pachifuwa ndi kumuuzira mpweya m'kamwa monga anaphunzirira kuchipatala. Patapita nthawi, Tsalani anatsokomola, n'kusanza madzi amatope.

Mawa lake makolo anasonkhana pachipata. A Mbeza, bambo wake wa Tsalani, anabwera ndi loko, n'kukhoma.

"Bwalo ili silitsegulidwa mpaka pakhale munthu mmodzi wosunga kiyi," anatero. "Ana akalowa, iye alipo. Chikachitika, tidziwe khomo lopitako. Mwa ife tonse, amene amadziwa bwaloli ndi inu atatu. Tisankhe mmodzi."

"Apatseni a Nangondo, maso awo sagona," anatero mayi wina.

"Si omwewa anatikakamiza kutsegula?" anayankha mnzake. "Tinati tidikire, iwo n'kutiopseza ndi manda."

"Ndiye a Dzoole. Analowa m'madzi ife tikungogwira m'chiuno."

"Munthu akumbe mbuna, agwemo mwana, amuvuule, ndiye timuombere m'manja?"

Dzoole anapukusa mutu. "Ndinapempha chulu, akulu awa anandikaniza."

"Ndinapereka malo, mwana wanga, sindinapereke munda," anayankha a Gwaza. "Ndipo mwana amene unavuula uja sankapuma."

"Nanga bwanji osangokwirira dzenjelo lero?" anafunsa mayi wake wa Tsalani, atamukumbatira mwana wakeyo pachifuwa ngati khanda.

Dzoole anayang'ana pansi. "Dothi lake ndi lija tinagulitsa, mayi. Lili m'makoma a anthu. Kuti tikwirire ili, tikumbe lina."

Nangondo anatulutsa nsapato ija m'chitenje, n'kuiyang'ana, n'kuibwezamo. Kuseri kwa mpanda wokhomawo katungwe ankagwedezeka yekha ndi mphepo, ndipo kumadzulo kunali kutayambanso kugunda. Kenako wina anafunsa kuti ana ali kuti. Onse anatembenuka. Pamene akuluakulu ankakangana, ana anali atatopa kudikira pachipata, ndipo kagulu kawo kankaoneka patali, kakulowera njira ya kuseri kwa chigayo.

Tsono inu amene muli ndi ana, nkhani ndi imeneyo, ndipo sikudikira. Popanda Nangondo palibe akanaona, koma ndiye anatsegulitsa chipata dzenje lili yasa. Popanda Dzoole palibe akanavuula, koma ndiye anakumba. Popanda a Gwaza mwana sakanapumanso, koma ndiwo analoza pokumba. Kiyi ndi mmodzi, mvula ikubwera. Akanakhala wanu amene akulowa pachipata chimenecho mawa m'mawa, inu mutapita kuntchito, kiyiyo mukanamupereka m'manja mwa yani?