Nachanza ndi Mikanda ya Mapasa

Khalani pansi inu, ndipo wotafuna nzimbeyo atafune mwakachetechete, chifukwa nkhani iyi sindiibwereza.

Kalekale, agogo a agogo anu asanamere mano, kubereka mapasa sikunali chinthu chovinira. Anthu a nthawi imeneyo ankati mimba imodzi imabweretsa munthu mmodzi basi. Wobadwa poyamba ndiye anali munthu. Wachiwiriyo ankamutcha mlendo, ati wangotsatira mnzake panjira, ndipo akakhala pamudzi amadzetsa matenda ndi chilala. Choncho woyamba ankamugoneka pamphasa pafupi ndi make, wachiwiri ankamuika m'lichero kufupi ndi khomo. Ankamulola kuyamwa masiku a chikuta okha, masiku aja mayi amabindikira m'nyumba kudikira kuti mchombo wa khanda ugwe. Mchombo ukagwa, mzamba ankanyamula lichero lija n'kukalisiya pansi pa mkuyu kutali kuthengo, iye n'kubwerera osacheuka. Musandiyang'ane choncho, sindine ndinakhazikitsa lamulolo.

Koma panali chinthu chimodzi chimene ankachiopa kuposa njoka, ndicho kulakwitsa. Ankati wotaya mwana woyamba m'malo mwa mlendo wapha munthu, manja ake adzafota ndipo mbumba yake idzatha psiti. N'chifukwa chake sankalola kuti wa pamphasa ndi wa m'lichero asakanikirane.

Tsono m'mudzi wina wa m'tsinde mwa phiri munali mkazi dzina lake Nachanza, wamfupi, wosadziwa kumeza mawu. Anakhala pabanja zaka zisanu ndi chimodzi wopanda mwana, akazi anzake akumunena kumtondo ndi kuchitsime. Mwamuna wake Chikakuda anali mkamwini wofatsa wochokera kutsidya kwa mtsinje, wa aja amatsokomola kaye asanalankhule. Chaka chachisanu ndi chiwiri Nachanza anaima, ndipo m'mawa wina nthawi yokolola anachira ana awiri aakazi, ofanana ngati njere za mtedza za m'khoko limodzi.

Mzamba wa m'mudzimo anali Nankhoma, azakhali ake a Nachanza, mayi amene analandira pafupifupi aliyense woyenda ndi miyendo iwiri kumeneko. Iye sanachedwe. Woyamba pamphasa, wachiwiri m'lichero.

"Usamuyang'ane kumaso wa m'licheroyo, mwanawe," anatero Nankhoma. "Ungodzipweteka mtima. Muyamwitse ukuyang'ana kukhoma."

"Azakhali, onsewa atuluka mwa ine."

"Ndawaona, ndine ndawalandira. Wako ndi mmodzi."

Kodi Nachanza anayang'ana kukhoma? Ayi ndithu! Anamuyang'ana mwanayo mpaka anadziwa mmene kamlomo kake kankanjenjemerera akakhuta. Anawerenga tizala take, anamununkhiza kumutu. Pofika tsiku lachitatu anali atamukonda kotheratu, ndipo mkwiyo unayamba kumuwira m'chifuwa. Zaka zonsezi akumuseka kuti ndi chumba, lero wapatsidwa awiri, ndiye wina abwere adzachotsepo mmodzi ngati akupatulira chimanga m'munda?

Tsiku lachisanu ndi chimodzi michombo yonse iwiri inagwa. Nankhoma anati akupita kukaitana amayi anzake operekeza, abwera dzuwa likafika pamutu.

Nachanza anatsala yekha ndi ana ake, maganizo ali pakati. Kuthawa sakanatha, thupi linali lisanalimbe. Kungowasintha malo sikukanathandiza, akanatayabe mmodzi. Kunama kuti sakudziwa woyamba kunalinso kosatheka, pakuti masiku amenewo wokayikiridwa ankamumwetsa mwavi, ndipo wabodza ankagwa pomwepo. Panatsala njira imodzi yokha, yoti iye mwini asadziwe zenizeni.

Anatenga nsalu yake ya nyanda, ija yopangidwa ndi khungwa la mtengo, naing'amba pakati, nakulunga ana onse awiri mofanana. Anawagoneka pamodzi pamphasa. Kenaka anadzimanga nsanza m'maso n'kuyamba kuwasinthanitsa, uyu uku, uyu uko, iyenso akuzungulira mphasa chokwawa, kusinthanso, kuzunguliranso, mpaka mutu unamuzungulira. Atamasula m'maso anayang'ana uyu, nayang'ana uyo. Sanadziwe. Zinamupweteka kwambiri, ana inu, kuti iye mayi sakudziwa mwana wake woyamba ndipo sadzamudziwanso mpaka kumanda. Analira pang'ono, napukuta misozi, natenga lichero lija n'kuthiramo mtedza.

Nankhoma ndi amayi atatu atalowa anamupeza akusenda mtedzawo, makanda ali gone pamphasa imodzi.

"Kalanga ine! Wachita chiyani iwe?" anakuwa Nankhoma. "Mlendo ndi uti?"

"Sindikudziwa, azakhali."

"Usandiyese mwana ine! Ndi uti?"

"Bweretsani mwavi wanu ndimwe pompano. Ndawasakaniza nditatseka m'maso. Ngati inu mukumudziwa, mutengeni, lichero ndi ili, ndikhuthula mtedzawu. Koma manja ndi anu, ndipo mbumba ndi yanu."

Nankhoma anagwada n'kuyamba kuwatembenuza anawo. Anayang'ana kuseri kwa makutu, kuphazi, kumsana, kufuna kachipsera kapena kadontho. Panalibe. Anauza amayi enawo kuti ayang'ane nawo, koma aliyense anapinda manja kumbuyo ngati wauzidwa kuti atole khala la moto. Ndani akanafuna kufota manja chifukwa cha ana a eni?

Nankhoma anadzuka mwaukali. "Chabwino, asunge onse. Koma pano sipadzafika munthu ndi mtsuko wa madzi kapena mtolo wa nkhuni. Ndipo mlendo sabisika, adzadziulula yekha. Adzafota uli kuona, ndiye ndidzabwera ndi lichero langa. Mawu a akuluakulu amakoma akagonera."

"Agonere, azakhali. Ine ndili pompano."

Mudzi unachitadi zimene Nankhoma ananena. Palibe anabwera kudzamusinjira Nachanza, palibe anabwera kudzamunyamulirako mwana. Amayi ankadutsa kutali ndi nyumba yake atagwira ana awo padzanja. Chikakuda yekha ndiye anadabwitsa anthu, anasenza mtsuko pamutu n'kupita kuchitsime masana dzuwa likuswa mtengo, amuna anzake akumuseka kuti wadya khuzumule. Iye anangotsokomola n'kupitirira. Koma kumunda nakonso kunkamufuna, ndipo ntchito yonse ya pakhomo inagwera Nachanza. Ankagoneka mwana, kuthamangira kumtondo, kumva kulira, kubwerera, kunyamula wolirayo, kuyamwitsa akusinza, kugoneka, kuthamangiranso kumoto. M'nyumba za kale munalibe mazenera, ndipo anawo anali okulungidwa mofanana. Iye ankangoti wolirayo ndiye wanjala.

Patapita masabata atatu, mmodzi anayamba kuchepa. Masaya analowa, khungu la pamikono linayamba kukwinyika, ndipo kulira kwake kunali kwa kamwana ka mphaka. Nkhani yoipa siigona panjira. Nankhoma anafika naima pabwalo osalowa.

"Ndamva kuti mlendo wadziulula. Ndibwera mkuja."

Apa Nachanza anachita mantha enieni. Mtima unayamba kumufunsa kuti, kodi mwina akuluakulu aja ankanena zoona? Tsiku lotsatira m'mawa anaganiza zosambitsa ana ake padzuwa mmodzimmodzi. Anatulutsa mmodzi, namusambitsa, namudzoza mafuta a nsatsi, namuyamwitsa, namubwezera m'nyumba pafupi ndi mnzake. Nkhuku zinalowa m'chimanga chimene anayanika, iye anathamanga kukaziingitsa. Pobwerera anamva kulira, analowa, nanyamula wolirayo, namusambitsa, namudzoza, namuyamwitsa. Ndiye poti awagoneke pamodzi anafunyulula nsalu zonse ziwiri, n'kuima chilili. Mmodzi anali noninoni, mafuta akuchita kuyenderera m'makwinya a m'khosi. Winayo anali wotuwa mbuu, madzi sanamukhudze, ali chete kuyamwa chala chake.

"Mayo ine! Ndine! Ndine ndikumupha mwanayu!"

Anali atasambitsa mwana mmodzi kawiri, kumudzoza kawiri, kumuyamwitsa kawiri. Ndipo si tsiku limenelo lokha. Waphokosoyo ankadya chake ndi cha mnzake, wofatsayo ankangodikira nthawi yake imene siinkafika. Panalibe za mlendo apa, inali njala basi, njala yomweyi imakuliritsani inu mukachedwa kudya.

Nachanza sanataye nthawi ndi kudziguguda. Anapisa dzanja m'chiuno nadula mikanda yake ya ukwati, imene mkazi sankaidula wambawamba. Chifukwa chake mudzachidziwa mukakula, musandifunse. Anapota luzi lofewa pantchafu, nasankha mkanda wofiira n'kumanga padzanja la wowondayo, woyera n'kumanga padzanja la wonenepayo. Chikakuda pobwera kumunda anapeza mikanda ili mbwee pansi.

"Amake ana, mikanda ija mwadula?"

"Ndadula. Kuyambira lero wofiira ayambe ndiye kuyamwa, woyera alire mpaka atope. Inu kafuneni mawere, mundifululire thobwa kuti mkaka uchuluke."

"Thobwa ine sindidziwa kufulula."

"Madzinso simunkadziwa kutunga."

Tsiku limene ananena lija Nankhoma anafika ndi lichero lake ndi amayi ake operekeza. Anapeza Nachanza atakhala pakhomo penipeni, miyendo atatambasula, munsi uli pamiyendopo, mwana wa mkanda wofiira ali kubere.

"Choka pakhomopo, mwanawe."

"Sindichoka. Uyu si mlendo, azakhali, ndi mwana amene make ankamudumpha poyamwitsa. Cholakwa ndi changa ndipo ndachipeza. Mubwere mwezi ukaoneka mudzamuone. Koma wofuna kumutenga lero ayambe wadutsa pa ine, ndipo munsi uwu sindinautengere kusinja."

"Ukuopseza ine amene ndinakudula mchombo?"

"Ndikukulemekezani, n'chifukwa chake ndakhala pansi."

Amayi operekeza aja anayamba kubwerera m'mbuyo mmodzimmodzi, wina ati wasiya nyemba pamoto, wina ati mbuzi zake zamasuka. Nankhoma anatsala yekha ndi lichero m'manja. Anati adzabweradi mwezi ukaoneka, ndipo tsiku limenelo sipadzakhala zokambirana.

Masiku amenewo Nachanza sanaone china koma mikanda iwiri ija. Wofiira poyamba, woyera pambuyo. Wofiira akagona osakhuta ankamudzutsa pomutekenya kuphazi. Thobwa la Chikakuda linali lowawasa ngati bwemba, koma ankamwa atatsinzina. Pang'onopang'ono masaya anabwerera, timikono tinadzaza, ndipo tsiku lina wofatsa uja analira mokweza mpaka galu anathawa pakhonde. Nachanza anaseka mpaka misozi.

Mwezi utaoneka Nankhoma anabwera m'mawa, ndipo ulendo uno mudzi wonse unamutsatira kudzaonerera. Nachanza anayala mphasa pabwalo nagoneka ana ake poyera.

"Wowonda uja ndi uti?" anafunsa Nankhoma, pakuti sanathe kumuzindikira.

"Sindibisa. Ndi uyu wa mkanda wofiira, dzina lake Tsalani. Uyu wa woyera ndi Khalani. Munyamuleni mumve kulemera. Mikandayi siikunena za wobadwa poyamba, zimenezo sindizidziwa ndipo inunso simudzazidziwa. Ikunena za amene wayamwa ndi amene sanayamwe, basi. Mlendo wanu uja ndi uyu, azakhali. Amanenepa ndi bere ngati mwana aliyense."

Nankhoma anamunyamula Tsalani. Khandalo linamugwira chala n'kuyamba kumufunafuna pachifuwa ndi kamlomo kake. Mayi uja anakhala pansi pafumbi mwana ali m'manja.

"Ndiye aja?" anatero ndi mawu otsika. "Ndinanyamula asanu ndi anayi kupita nawo kumkuyu ndi manja angawa. Woyamba mwa iwo anali wanga. Aja analinso anthu?"

Nachanza akanatha kumunamiza kuti amutonthoze, koma si mmene analili. "Analinso anthu, azakhali."

Nankhoma analira pamaso pa mudzi wonse, kulira kwa maliro asanu ndi anayi amene sanaliridwe. Amayi ena amene ana awo anapita kumkuyu anayamba kulira naye, ena okalamba kale, ena akutchula mayina amene anawasunga mumtima osauza munthu. Palibe amene anawatontholetsa. Kuchokera tsiku limenelo sipanapezekenso munthu wovomera kunyamula mwana kupita naye kuthengo, ndipo mapasa otsatira atabadwa, Nankhoma yemweyo ndiye anapota luzi n'kupempha mikanda iwiri yosiyana.

Ndi chifukwa chake mpaka lero mapasa akabadwa makolo amawamanga kamkanda kapena kaulusi padzanja, uyu mtundu wake, uyo mtundu wake. Inu mumayesa n'zokongoletsa. Ayi, n'zoti wofatsa asagone ndi njala pamene waphokoso akuyamwa kawiri, ndiponso n'zoti aliyense wolowa m'nyumbamo aone kuti muli anthu awiri, ndipo onse ndi akhale.