Maboti Atatu a Mkamwini Wosudzulidwa

Kalekale, koma injini zitafika kale panyanja, kunali bambo wina dzina lake Kumbanga. Anali mkamwini. Anachoka kwawo ku Nkhotakota ali mnyamata, nakakwatira mayi Nambewe pamudzi wina wa kummwera kwa nyanja, ndipo anakhala pamenepo zaka makumi anayi. Ntchito yake inali yoyendetsa boti, maboti akuluakulu aja okoka ukonde pansi pa madzi. Anamanga nyumba ya njerwa zootcha, anabzala mango, anabereka mwana mmodzi, Enifa.

Mayi Nambewe anadwala chaka chathunthu, kenako anamwalira. Paja mwambo mukuudziwa: mkazi akamwalira, mkamwini amasudzulidwa, azibwerera kwawo. Nyumba ndi munda zimatsala ndi mbumba ya mkazi. Alamu ake sanachite nkhanza ayi, zimenezo ndisawanamizire. Anamudikira mpaka anthu anameta, anamudikiranso mpaka anakolola. Kenako anakhala naye pansi.

"Alamu, tinakhala bwino, palibe mlandu. Pakutha pa mwezi uno tikumasulani."

"Chabwino," anatero Kumbanga.

Chichitikire maliro munthuyu sanalire, sanakwiyepo ndi aliyense. Akamupatsa chakudya ankadya, akapanda kumupatsa sankafunsa. Tsiku lina ali khale pakhonde anangoti, "Pamtunda ndatopapo. Likanapezeka boti loti ndiziphikamo, ndizigonamo, ndidzafere momwemo." Ambiri ankayesa akungolankhula. Koma mawuwo anafika kwa anthu atatu, ndipo aliyense anayamba zake osauza mnzake.

Woyamba anali Enifa. Uyu ndiye anasambitsa mayi ake chaka chonse chija, mukumbukire zimenezo. Padoko panali boti lakale lomwe injini yake anachotsamo. Enifa anagulitsa makina ake osokera, omwe ankadyetsera ana atatu, nagula chiboti chija. Mwamuna wake anamata phula m'ming'alu, anakhoma malata pamwamba, analimangirira m'bango kumunsi kwa mudzi. Malume ake a Enifa atamva anamuitana.

"Wosudzulidwa sakhala pakhomo, iwe mwana."

"Pamadzi si pakhomo panu, amalume. Kapena mundionetse pamene munda wanu unathera m'madzimo."

Kuyambira tsikulo malumewo anasiya kumuyankha moni, chikhalirecho munda umene Enifa amalima amagawa ndi iwowo. Iye anapita kwa bambo ake nati, "Ababa, botili silipita kulikonse. Phala ndizibwera nalo mmawa uliwonse, adzukulu anu azikuonani. Mukaima kumutu kwake, mitengo ya kumanda kwa amayi ikuoneka."

Sananene kuti nyumba ya njerwa ija ikuonekanso, ndi anthu ena akulowa ndi kutuluka.

"Chabwino," anatero Kumbanga.

Wachiwiri anali Lingisoni, mwana wa mlongo wake. Tsono apa pali nkhani. Kumbanga ndiye anayenera kukhala mwinimbumba kwawo, koma zaka makumi anayi zonsezo sanapondeko. Mlongo wake atamwalira anatumiza dengu limodzi la nsomba zouma, mwiniwake osaoneka. Ana amasiye anakula okha. Uthenga utafika woti wina abwere kudzalandira wosudzulidwa, abale anakana. Amvekere, "Malume wa nsomba zouma uja? Zimulandire nsomba zomwezo." Lingisoni yekha ndiye ananyamuka. Anali atalemerako ndi usodzi, ndipo anayenda masiku awiri panyanja ndi boti latsopano, la kachipinda kotseka bwino, matiresi, mbaula, injini yosakhosomola.

"Amalume, nkhope yanu sindikuidziwa, koma mphunoyo ndi ya amayi. Botili ndi lanu, simugwiranso ntchito. Chimodzi chokha: nangula wake aziponyedwa padoko la kwathu. Alongo anga awiri akufuna kukwatiwa, palibe wamkulu woimirira pa unkhoswe, ine anthu amati ndine mwana. Ndipo tsiku lanu likadzakwana tidzakuikani pafupi ndi mlongo wanu. Kuno adzakuikani kumphepete ngati mlendo."

Kuchokera kumeneko kufika kwa Enifa ndi ulendo umene mayi wa ana atatu angauyende kamodzi pachaka, mwinanso ayi.

"Chabwino," anatero Kumbanga.

Wachitatu anali Che Mdoka, mnzake wa pantchito. Maboti amenewa amayenda awiriawiri. Ukonde ndi umodzi, boti lina limagwira chingwe cha uku, lina cha uko, ndipo ayende mofanana. Lina likatsogola pang'ono ukonde umapindika, nsomba za ndunduma zonse n'kuthawa, mwina ukondewo n'kung'ambika. Zaka makumi atatu Che Mdoka ankayendetsa lina, Kumbanga lina, osakuwirana, kungomvera kulira kwa injini ya mnzake. Kumbanga atasiya ntchito kukadwazika mkazi, mwini maboti anayesa oyendetsa ena awiri, ukonde unang'ambika kawiri. Maboti anaima. La Kumbanga linali lodontha, ndipo likanamira pomwepo, koma Che Mdoka ankapalasa bwato mmawa uliwonse kukalikapa madzi, popanda womutuma.

"Iwe nkhalamba, wawonda ngati usipa wa chaka chatha," anatero Che Mdoka. "Boti lako ndalisamala ngati mwana wokodza pamphasa. Likudonthabe, likununkha dizilo, pogona ndi pamulu wa zingwe. Madotolo kulibe, phala kulibe. Koma bwana akuti ukapanda kukwera mwezi ukatha, agulitsa onse awiri. Amuna khumi ndi awiri akhala pansi ndi mabanja awo, ine wachikhumi ndi chitatu. Udzagwira ntchito mpaka maso adzakukane. Ukuti bwanji?"

"Chabwino," anatero Kumbanga.

Mwezi unatha. Mmawa wa tsikulo alamu anamusudzula mwaulemu, palibe anakweza mawu. Kumbanga anatsika kudoko ndi chikwama chimodzi, bulangete ndi kapoto. Anapeza maboti atatu ali ndandanda, la Enifa atachita kulikoka kuchokera m'bango muja, aliyense mwa atatu aja ataima pafupi ndi lake, akuyang'anana.

"Ababa anavomera langa," anatero Enifa.

"Anavomeranso langa, alongo," anatero Lingisoni.

Che Mdoka analavula pansi. "Uyu ikanamufunsa ng'ona akanavomeranso."

"Inu a Mdoka mukufuna wantchito, si munthu," anatero Enifa. "Nanga inu achimwene, munali kuti amayi akudwala?"

"Funsani bambo anu anali kuti amayi anga akuikidwa. Ine ndabwerabe."

"Mukamuika m'bangomo wopanda injini," anatero Che Mdoka, "miyezi itatu sakwana. Ndimamudziwa ine."

Kumbanga analowa m'madzi mpaka m'mawondo, katundu ali pamutu, naima. Sanayang'ane boti lililonse. Anthu a pamudzi anali ataima kumtunda, alamu ake ali patsogolo, manja kumbuyo.

"Sankhani, ababa."

"Mumtima muno mulibe kanthu, mwanangu," anatero Kumbanga. "Ndayesa kufunamo lina, sindikupezamo. Mungondiuza pokwera."

Ndiye ine ndaziyala zonse, palibe chimene ndabisa. Mwana anataya makina ndi malume ake. Mwana wa mlongo wake anabwera kwa munthu amene sanamuchitirepo kanthu, ndipo kwawoko kuli ana aakazi akumudikira. Mnzake anakapa madzi chaka chathunthu, ndipo kumbuyo kwake kuli mabanja. Thupi ndi limodzi, kumtunda sangabwererenso, miyendo yayamba kuzizira m'madzimo.

Inu amene mwamva nkhaniyi, mwiniwake wakusiyirani: Kumbanga akwere boti liti? Ndipo awiri otsalawo, ndani wa inu apite kukawauza, akawauze kuti chiyani?