Gulu Limodzi la a Zikani

Pasukulu ina yapulayimale kufupi ndi Nsaru, kujomba kwa ana kunali ngati kaufiti m'munda wa chimanga: uzule lero, mawa wamera. A Zikani, mphunzitsi wa Sitandade 5 amene patchuthi ankachita maphunziro a ukachenjede ku Lilongwe, anasankha vutoli kukhala kafukufuku wawo. Ankakhulupirira kuti kuyamikira mwana pamaso pa anzake akabwera sabata yonse kungasinthe khalidwe lake kuposa chilango chosesa pabwalo.

Asanayambe, Mayi Sabina, aphunzitsi a masamu, anawakokera pambali.

"Achimwene, agaweni pawiri anawa mwamaere. Ena muziwayamikira, ena apitirize monga kale. Popanda gulu loyerekezera, mudzadziwa bwanji chimene chawasintha?"

"Zochedwetsa zimenezo, mayi," anayankha a Zikani. "Maso ndili nawo, ndiona ndekha."

Anayamba m'mwezi wa Meyi ndi kalasi yawo yokha. Posakhalitsa kujomba kunaphwa ngati madzi a m'dambo m'chilimwe, ndipo mkuluyu anapita ku Lilongwe kukapereka zotsatira za kafukufuku wawo akuyenda monyang'wa. Atamaliza kufotokoza, mmodzi mwa owayesa anafunsa modekha:

"Kodi aphunzitsi, mu Meyi kwanuko anthu amakhala atakolola, eti? Fodya wapita kumsika, mtedza uli pakhomo, mwana wadya. Ndiye wabweza anawo kusukulu ndani, inu kapena nkhokwe?"

Ntchito ya a Zikani inakanidwa, ndipo anauzidwa kuti akalepheranso, maphunzirowo athera pomwepo.

Anabwerera nkhope ili pansi, akuyembekeza kusekedwa. Koma Mayi Sabina atamva, anangokoka mpando n'kukhala pafupi nawo.

"Zagwa zatha, achimwene. Tiyeni tiyambirenso."

Mayiwa anayenda panjinga kukapempha sukulu zoyandikana kuti zilowe nawo m'kafukufukuyo. Mu Januwale, njala itafika pakhosi ndipo ana ali kalikiliki kusoka fodya, mayina a makalasi anaponyedwa m'chipewa, maere n'kugawa magulu awiri. Lachisanu lililonse akaweruka, Mayi Sabina ankawaphunzitsa a Zikani kupeza avereji ya masiku ojomba a gulu lililonse, komanso kuyesa ngati kusiyana kwake kuli kwenikweni kapena kwangochitika mwamwayi.

Teremu itatha, zinaoneka kuti ana a magulu onse ankajombabe masiku ovuta, koma oyamikiridwa aja ankajomba mocheperako, ndipo masamu anatsimikiza kuti sizinali zamwayi. Sichinali chozizwitsa chimene a Zikani ankalota, koma chinali choona. Ulendo uno anakhoza, ndipo sukulu zonse zija zinayamba kuyamikira ana m'makalasi onse.

Loweruka lina a Zikani anatulukira pakhomo pa Mayi Sabina atapanira tambala m'khwapa. Anavula chipewa, nagwada.

"Mayi, ndinakunyozani, koma inu simunanditaye. Pakadapanda inu, bwenzi ndili kapolo wa manyazi mpaka lero. Mulungu akudalitseni."

"Dzukani, achimwene," anatero mayiwo akuseka. "Mukawathokozenso ana a gulu lachiwiri aja. Anadikira teremu yonse osaomberedwa m'manja kuti ife tione zoona."

A Zikani anagwedeza mutu, maso atadzaza misozi. Gulu limodzi linawanamiza, nzeru zayekha zinawagwetsa. Zoonadi, chala chimodzi sichiswa nsabwe.