Sungeni ndi Beseni la Madzi Ozizira

Ana inu, mawu ena amene mumawamva kwa akulu anayamba ndi munthu weniweni, wa miyendo iwiri ngati inuyo. Lero ndikuuzani za Sungeni.

Sungeni anali woyamba pabanja pawo kupita kukoleji. Bambo ake, a Chimbalanga, ankakumba mbewa n'kumagulitsa m'mbali mwa msewu, ndipo sukulu ya mwanayo inali kunyada kwawo konse.

Kukolejiko anzake anamuphunzitsa nzeru ina: pokonzekera mayeso, uziviika mapazi m'beseni la madzi ozizira kuti tulo tisakugwire. Sungeni anaikonda nzeruyo kuposa eni ake. Ankawerenga mpaka tambala kulira. Koma tulo si kapolo wa munthu ayi. Anathamangitsa tuloto mpaka tinaleka kubwera usiku, n'kumamugwira masana m'kalasi, aphunzitsi ali pakati pophunzitsa.

Mnzake wogona naye chipinda chimodzi, Alinafe, anamuuza kuti, "Iwe, maso akowa afiira ngati tsabola. Tiye kwa anamwino akakuone."

"Ndikanene kuti chiyani?" anatero Sungeni. "Kuti ndikulephera kugona? Chinthu choti ngakhale khanda limachitha? Andiseka kuti mwana wa wokumba mbewa sukulu yamukulira."

Bambo ake akaimba foni, yankho linali limodzi: "Zonse zili bwino, ababa."

Tsiku la mayeso aakulu linafika. Sungeni analemba dzina lake, natsamira pang'ono kuti aganize. Anadzidzimuka woyang'anira mayeso akukoka pepala pansi pa tsaya lake, lili lonyowa ndi dovu, lopanda yankho ngakhale limodzi. Holo yonse inkamuyang'ana. Akuluakulu a koleji anamubweza kumudzi, ndipo manyazi amene ankawathawa aja anamupeza atakula.

A Chimbalanga sanakalipe. M'mawa mwake anamupatsa khasu, napita naye kumunda. Anafukiza utsi pa una wa mbewa, mbewa zina zinatulukira kwina n'kuthawira m'tchire. Atakumba, anapeza imodzi itafera mkati.

"Waiona iyi?" anatero bamboyo. "Njira yotulukira inalipo. Zinzake zatuluka poyera, ife tikuziona, ndipo zili moyo."

Sungeni anawerama, misozi ikugwera pakhasu. "Ndinkachita manyazi, ababa."

"Nanga ine? Ine ndimaima pamsewu ndi mbewa m'manja, anthu akundiseka m'mabasi, kuti iwe uphunzire. Ukanangonena, mwanawe."

Mawu amenewa anamupweteka Sungeni kuposa kulephera mayeso. Anthu a m'mudzimo atamva nkhaniyi anayamba kunena kuti, "Mbewa ya manyazi inafera kuuna."

Tanthauzo lake n'lakuti wobisa vuto poopa kusekedwa amavulala nalo, thandizo lili pafupi. Ndiye inu amene mukuyasamula kumbuyoko, ngati tulo tikukuvutani, nenani lero, musadikire tsiku la mayeso.