Chikhothi cha a Kamzimbi

Kalekale, m'mudzi mwathu muno munali a Kamzimbi, agogo awo a bambo anga, munthu wosagonja pa malonda. Ndiye kunabwera mlendo woyeza malire a nkhalango ya nyama, nati, "Mundinyamulire thumba la simenti mpaka pansonga pa phiri la Chitembwe, chikhothi changachi n'chanu." Chikhothi cha mabatani achitsulo, pa ntchito ya tsiku limodzi. Inu mukanafunsa kuti simentiyo n'njachiyani, eti? Iwo sanafunse.

Phiri lija mumalidziwa. Ukaima pano umayesa ukuona mutu, chonsecho ndi phewa chabe. Kuseri kwa phewalo kuli chigwa cha nsungwi ndi kasupe, komwe makolo ankabisala pa nkhondo, komwenso anaikidwa. Ukadutsa chigwacho m'pamene nsonga yeniyeni imayamba, thanthwe lokhalokha, lokwera ndi manja.

Anakwera, anakwera, thumba likukanda msana. Pofika paphewa, nkhungu inali itatseka zonse.

"Tafika kodi?" anafunsa mlendo uja ali wefuwefu.

A Kamzimbi anayang'ana thumba, n'kuyang'ana chikhothi. "Tafika, bwana. Kumwambaku kwatsala Chauta yekha."

Anamanga chipilala pomwepo.

Atatsika, anazungulira mudzi wonse atavala chikhothi, dzuwa lili pamutu. Akazi awo, a Nangondo, anati, "Nanga chipilalacho n'cha chiyani?"

"Za aboma izo. Ine theka la phiri, malipiro athunthu. Wapusa ndani?"

Wapusa ndani, ana inu? Chaka chisanathe anabwera alonda a nkhalango. Kuno kwa chipilala n'kwa anthu, kuseri n'kwa nyama. Chigwa, nsungwi, kasupe, manda, zonse kuseri.

Anthu anakakamiza a Kamzimbi kuti akanene kuboma kuti pamene paja si pansonga. Akanene bwanji osaulula bodza lawo? Sanapite. Chikhothi sanachivalenso, chinadyedwa ndi chiswe kudenga. Pomwalira anapempha kukagona pafupi ndi amayi awo, koma alonda anakana. Ali apo, kuseri kwa dibi la ng'ombe, okha.

N'chifukwa chake ife a kwa Kamzimbi tikalonjeza nsonga timafika pansonga, ndipo malonda akakoma kwambiri timayamba tafunsa. Nanga analipira ndani? Ndife. Chaka ndi chaka timakapempha chilolezo pageti, mlonda wa mfuti patsogolo, kuti tikasese manda a makolo athu. Chigwa chonse chija, pa chikhothi chimodzi.